Chitsononkho cha a Nangondo

Loweruka lapitali tinakaonetsa chiliza cha a Nangondo, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Ena anabwera ndi nkhata za maluwa apulasitiki zogula ku Limbe. Esime, mnzanga wa kutsidya kwa dambo, anadikira kuti onse amalize, kenako anatulutsa chitsononkho m'chitenje n'kuchiika pamwamba penipeni pa simenti. Alendo a m'tauni anayang'anizana. Mmodzi anandinong'oneza kuti, “Kodi mayiwa mutu ukuyenda bwino?” Ife eni mudzi tinalephera kudzigwira. Tinaseka pamanda pomwepo, misozi ili chuchuchu, mpaka akatekisiti anachita kutsokomola kuti tikumbukire pamene tinali.

Ndiye ndati ndilembe, kuti alendo aja adziwe kuti mutu wa Esime uli bwinobwino. A Nangondo anali amayi anga aakulu, obadwa bere limodzi ndi mayi anga. Anali aafupi, miyendo yoonda, zidendene zong'aluka, koma kayendedwe kake, mayo ine. Kupita nawo kumsika chinali chilango. Iwo dengu la tomato pamutu ali patsogolo, iwe chimanjamanja uli wefuwefu m'mbuyo, akatembenuka n'kukufunsa ngati wadwala. Ankaimbanso likhweru, lija loika zala ziwiri m'kamwa ngati anyamata oweta ng'ombe. Akuluakulu anawaletsa mpaka kutopa, ati munthu wamkazi n'zosayenera. Iwo ankayankha kuti nthungululu siimveka kutsidya kwa dambo.

Chimene ankathamangira aliyense m'mudzi ankachidziwa, chifukwa sankabisa. Kalekale, ine ndisanabadwe, mwana wawo wachiwiri, Paulo, anagwidwa ndi linjirinjiri ali khanda. Anamubereka n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala cha mishoni ku Nguludi. Njira yathu yachidule imadutsa m'dambo, kuoloka paulalo wamitengo, kenako n'kukwera chitunda chimodzi chachitali, ndipo ukafika pamwamba denga la chipatala umaliona. Pachitunda pamenepo mpweya unawathera. Anakhala pansi kuti apumeko, anadzuka, anakhalanso, ndipo pofika pamwamba mwana anali atazizira. Kuyambira pamenepo a Nangondo sanayendenso ngati anthu ena. Kuchitsime chothamanga, kumunda chothamanga, ku Misa chothamanga mpaka pachipata cha tchalitchi, pamene ankaima n'kukonza duku. Anthu ankati chisoni chawasokoneza mutu. Iwo ankangonena kuti chipatala sichitalika ndi njira ayi, chimatalika ndi chifuwa cha mayi wa mwanayo, ndipo chawo chifuwa sichidzawagwiritsanso fuwa lamoto.

Ife anatikoka chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Ndikukumbukira chifukwa ndi nthawi imene amayi anayamba kuoneka ndi mathalauza m'misika popanda wowagwira. Ine ndinali ndi mwana mmodzi, Yohane, wongoyamba kumene kuyenda, ndipo thupi linali litabwera. Tsiku lina anandipeza nditatula ndowa panjira, ndikupuma.

“Amake Yohane, ndowa imodzi yomweyi?” anatero. “Nanga akanakhala mwana wodwala?”

“Amayi, musandilodzere mwana.”

“Sindikulodza, ndikufunsa. Mawa m'mawa ubwere pamango paja. Umuuzenso Esime ndi anzako onse oyamwitsa.”

“Kukatani?”

“Kuthamanga.”

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. “Nanga ana tiwasiya ndi ndani? Abambo awo?”

“Ana ubwere nawo,” anatero, n'kundisenzetsa ndowa ija.

Tinapita, koma tinapita kukakana. Zifukwa tinali nazo zodzaza nkhokwe. Wina amati phala la ana aphika ndani, wina amati madzi atunga nthawi yanji, wina amati wake mwana salola kugwidwa ndi munthu wina. Esime anati munthu wolima, wosinja, wotola nkhuni, akathamangenso ngati alibe chochita? A Nangondo anamvetsera zonse atakhala pamwala wina wafulati umene uli patsinde pa mtengowo. Titamaliza anati kulima kumalimbitsa msana ndi mikono, koma mpweya umabwera ndi kuthamanga basi, ndipo tsiku la tsoka khasu silikwera chitunda. Za ana anati tisavutike, iwo anaganiza kale.

Nzeru yawo inali iyi. Panjira ya kuchipatala ija anasankhapo malo anayi: pamango kumapeto kwa mudzi, pachulu pakati pa dambo, paulalo, ndi patsinde pa chitunda. Pamalo alionse pankakhala mayi ndi ana ake oyenda kale. Wa pamango ankanyamuka ndi chitsononkho m'manja, kuthamanga mpaka pachulu, kupatsira mnzake, iye n'kutsala akuyang'anira ana a mnzakeyo. Wa pachulu ankathamangira paulalo, wa paulalo patsinde, wa patsinde n'kukwera chitunda, kukhudza bulugamu wa pamwamba paja n'kutsika. Chitsononkho chinkabwerera momwemo mpaka pamango, ndipo aliyense ankapezeka wabwerera pa ana ake. Panalibe mwana wosiyidwa yekha, panalibenso mayi wothamanga ndi mwana kumbuyo. Tikachuluka tinkakhala awiriawiri, chitsononkho n'kuyenda kawiri. Dzuwa lisanayambe kuwawa tinali titamaliza, aliyense ali paphala lake.

Makanda okha ndiwo sankapita kudambo. Amenewo ankatsala pamango ndi a Nangondo, ndipo chifukwa chake ndi mwambo. Kwathu kuno khanda limene makolo ake sanalitenge, kutanthauza kuti sanayambenso kukhalira pamodzi m'nyumba monga mwa mwambo wake, siligwidwa ndi munthu wotentha, amene akugona ndi mwamuna wake. Amati limatsempheka, limatupa miyendo ndi nkhope n'kufa. Pa zimenezi a Nangondo analibe masewera. Amuna awo anali atamwalira kalekale, ndiye ankati, “Ine ndinazizira kale, ndipatseni onse.” Unkawapeza wina ali kumbuyo, wina pamiyendo, wina atamugoneka pachitenje akumuingira ntchentche ndi tsamba. Mayi wotentha akangosendera kuti aseweretse khanda la mnzake, ankalandira kamtengo padzanja. Akakwiya kwambiri ankakalipa m'Chilomwe chakuya chimene ife achinyamata sitinkachimva, koma tanthauzo lake silinkasowa.

Malamulo ena anali oseketsa koma othandiza. Uyamwitse kaye mwana akhute usananyamuke. Chifuwa umange ndi mpango, uthine. Nsapato za sofiya uvule, zimaterera m'mame. Wongochira kumene ankangoyenda ndawala, ndipo a Nangondo ndiwo ankanena tsiku loti ayambe kuthamanga. Nthawi yolima tinkakumana Loweruka lokha. Munthu ukajomba chifukwa mwana sanagone bwino, panalibe wokufunsa. Iwo ankati mayi wa ana aang'ono sapangana ndi mawa, akabwera wabwera. Koma ukajomba chifukwa cha ulesi ankadziwa, sindikudziwa kuti ankadziwa bwanji. Ankabwera kudzaima pakhomo pako n'kuimba likhweru mpaka agalu onse a m'mudzi atayamba kuuwa.

Masiku oyamba, aa, tinali chiseko cha mudzi. Zitenje zinkamasuka m'njira. Esime anagwa chafufumimba m'dambo n'kudzuka matope okhaokha, koma chitsononkho osachitaya. Ine tsiku loyamba ndinafika pachulu ndikuona nyenyezi masana, ndinalumbira kuti sindidzabweranso. Koma pakutha pa mwezi ndinadabwa ndafika ndi ndowa pakhomo osapumira panjira, ndikuimba nyimbo. Kukoma kwake sindingakufotokoze bwino. Mphepo ya m'mawa ikukuomba kumaso, kumsana kulibe mwana, m'manja mulibe khasu, anzako akukukuwira kutsogolo, kanthawi kochepa kameneko thupi limakhala lako wekha. Tinayamba kukanganirana zoti akwere chitunda ndani.

Adani sanachedwe. Woyamba anali a Nabiyeni, mnzawo wa a Nangondo wovinidwa nawo limodzi, amene ankakangana nawo chilichonse kuyambira utsikana. Iwo ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti kuthamanga kumatenthetsa mkaka, ana atsekula m'mimba, ndipo chiberekero chimatsika. A Nangondo sanawayankhe pakhomo. Anadikira tsiku la sikelo, anthu atadzaza, n'kuwauza kuti, “Bwerani, anzanga, muone ana a mkaka wotentha mmene akulemerera.” Awiriwa anakhala osalankhulana mpaka nandolo atapsa, kenako anapezeka akusenda limodzi pakhonde ngati palibe chinachitika.

Nkhondo yaikulu inali ya mathalauza. A Nangondo atapita kukaona mwana wawo ku Namadzi anabwerako ndi mathalauza amasewera a pakaunjika, ena ofiira, ena obiriwira, ena ong'ambika pabondo. Anati tizivala mkati, chitenje pamwamba, kuti chikamasuka tisamaime. Amuna anati tanyanya. A Dinala, amuna ake a Esime, anabwera pamango nkhope ili gwaa.

“Amayi, ine ndinakwatira mkazi, sindinakwatire msilikali. Thalauza pakhomo panga ndi langa.”

“Pakhomo pake pati, bambo?” anafunsa a Nangondo mofatsa. Anthu anayamba kuseka, chifukwa a Dinala anali mkamwini, nyumba ili pamalo a akuchikazi. “Chabwino. Lamulungu tikaweruka ku Misa muthamange ndi akazi anu kuchokera pano mpaka paulalo. Mukawasiya, thalauza avula.”

A Dinala anavomera akuseka. Lamulungu lake mudzi wonse unandanda m'njira, ana m'mitengo, ngakhale a Nabiyeni anabwera ati kudzaona chipongwe. Likhweru litalira, a Dinala anatuluka ngati mbuzi yodula chingwe, ndipo pofika pachulu anali patsogolo kutali. Esime ankangobwera pang'onopang'ono, mmene tinaphunzitsidwira, kupuma ndi mphuno ndi kamwa, manja osakunga. Atangodutsa chulu tinaona a Dinala agwira m'nthiti. Esime anawapitirira osacheuka, ndipo nthungululu imene inalira tsiku limenelo ndikuganiza kuti inamveka mpaka ku Mpama. Iwo anafika paulalo akuyenda, anakhala pansi n'kupempha madzi. Anali munthu wabwino mtima, ndisawanamizire. Kuyambira sabata imeneyo, masiku othamanga ankatsala akuphikira ana phala, ngakhale ankauza anzawo kuti tsiku lija anali ndi malungo.

A Nangondo enieniwo nthawi imeneyi sankathamanganso kwenikweni. Bondo lakumanzere linali litayamba kutupa. Nthawi zina, makanda akakhala ochepa, ankanyamuka n'kutiperekeza mpaka pachulu akutsimphina, akutikalipira kuti tikuponda ngati tasenza matumba. Koma chitunda chija sindinawaonepo akuchikwera pamasiku athu othamanga. Popita ku Misa ankachikwera, inde, koma maso ali pansi, osalankhula ndi munthu.

Tsopano ndinene za tsiku limene linachititsa Esime kuika chitsononkho pachiliza. Mwana wanga wachiwiri, Mphatso, anali ndi miyezi itatu, asanatengedwe. Inali nthawi ya dzinja, mvula itagwa masiku otsatizana, ndipo abambo ake anali kuntchito ku Limbe. Kuyambira dzulo lake thupi linkatentha, ndiye ndinati ndiphike kaye phala la Yohane kenako ndipite naye kuchipatala. Ndili pamoto ndinamva kakulira kachilendo. Kuyang'ana pamphasa, mwana wauma gwa, maso atembenuka, timanja tikugwedezeka. Ndinakuwa. Oyandikana nawo anatulutsa njinga, koma dothi lathu ndi la makande. Asanafike n'kumsewu komwe matayala anali atamatirira, osazungulira. Ndinamubereka mwana n'kuthamangira kumango, chifukwa linali Loweruka ndipo ndinadziwa kuti anzanga ali m'malo awo.

Ine ndinali ndisanayambirenso kuthamanga chichirireni. Pofika pamango mphamvu zinali zitandithera, ndinagwa pansi. A Nangondo anangoyang'ana kamodzi n'kumumasula mwana kumsana kwanga. Woyamba kunyamuka tsiku limenelo anali Esime, anali ataima kale ndi chitsononkho m'manja.

“Esime, tenga mwanayu.”

Esime anabweza manja kumbuyo. “Amayi, ine ndine wotentha. Amuna anga alipo. Ndimupha mwana wa mnzanga.”

A Nabiyeni, amene ankadutsa kuchokera kuchitsime, anatula ndowa. “Zoona akunenazi. Musayerekeze. Apite naye mayi wake, kapena inu nomwe.”

Ine ndinayesa kudzuka, ndinagwanso. A Nangondo anayang'ana bondo lawo, anayang'ana kudambo. Kenako mayi amene kwa zaka zonsezi ankatimenya ndi kamtengo tikangokhudza chala cha khanda la mnzathu anatsomphola chitsononkho m'manja mwa Esime n'kuchiponya kutali. Anamukulunga Mphatso m'chitenje chonyowa, anamukanikiza pachifuwa pa Esime, n'kumumangirira ndi mpango wawo wa kumutu.

“Akatupa, mlandu ndi wanga,” anatero. “Akafera pano, ndi wako. Ukafika pachulu uwauze kuti a Nangondo ati osafunsa. Thamanga.”

Anaika zala m'kamwa n'kuimba likhweru lalitali, lobwerezabwereza, limene tinali tisanalimvepo. Kudambo kuja tinaona Rute, amene anali pachulu, akuimirira.

Anthu inu, ndinaonapo Esime akuthamanga, ndinamuona akusiya amuna ake, koma tsiku limenelo anali munthu wina. Matope ankauluka kumbuyo kwake, chitenje chinagwa osachitola, thalauza lofiira lija likungoti psuu pakati pa udzu. Asanafike n'komwe pachulu tinamumva akukuwa, “A Nangondo ati osafunsa!” Rute sanafunse. Anamasula mpango, anamanga pachifuwa pake, n'kunyamuka. Paulalo panali Malita, ndipo madzi anali atakwera mpaka kunyambita mitengo. Anandiuza pambuyo pake kuti sakukumbukira mmene anaolokera, amangokumbukira kuti ankamva kamtima ka mwana kakugunda pa wake. Patsinde pa chitunda panali Feliya, wamiyendo yaitali, amene tinkamuchitira nsanje chifukwa chitunda ankachikwera akucheza. Iyeyo analandira mtolo, anakwera, bulugamu uja anangomudutsa osamukhudza, n'kutsetserekera kuchipatala.

Akuti atalowa, asisitere anamulandira mwana n'kufunsa dzina lake. Feliya anati sakudziwa. Anafunsa kuti mayi wake ndani. Feliya, mpweya uli m'mwambamwamba, anati, “Ine ndangolandira.” Anali asanatsekule n'chitenje chomwe kuti aone nkhope.

Ine ndinatsatira m'mbuyo, pena kuyenda pena kuthamanga. Pachulu ndinapeza Esime atagona chagada, ana a Rute atamuzungulira. Paulalo ndinapeza Rute, patsinde Malita, aliyense ali ndi ana a mnzake monga mwa masiku onse, aliyense akungondilozera kutsogolo. Pofika kuchipatala Mphatso anali atabayidwa kale jakisoni, dilipi ili pakadzanja, thupi litafewa, akupuma. Anamwino anati ndi malungo, ndipo tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira ngati mwana, Feliya akundiseka kwinaku naye akulira.

A Nangondo anafika masana, atabweza kaye makanda onse kwa eni ake. Anabwera ndi ndodo, bondo litatupa kwambiri. Analowa, anamuyang'ana Mphatso nthawi yaitali, anamugwira kuphazi, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Ndinawatsatira kuti ndikathokoze, koma anandiletsa ndi dzanja.

“Khala pansi, amake Yohane. Nkhani ya Paulo mumaidziwa theka.” Ankayang'ana kuchitunda kuja. “Nditakhala pansi patsinde paja, anandipeza mtsikana wina wongokwatiwa kumene, wamphamvu zake. Anati, mayi, ndipatseni mwanayo ndikuthamangireni. Ndinamuyang'ana, ndinati uyu ndi wotentha. Ndinakana. Anandichonderera, ndinakana.” Anasisita bondo. “Ndinamuteteza bwino mwana wanga. Sanatupe ayi.”

Ndinangowagwira dzanja, iwo n'kulichotsa, n'kundifunsa ngati mwana wayamba kuyamwa.

Musaganize kuti mwambo anautaya tsiku limenelo. Titatuluka m'chipatala, a Nabiyeni ankauza aliyense kuti tidikire, mwana wadutsa m'manja anayi otentha, atupa basi. A Nangondo pagulu ankawayankha mwamphamvu, koma m'mawa ulionse ankafika pakhomo panga ati kudzapempha moto, n'kukanikiza chala pamwendo wa Mphatso kuona ngati pakutsala dzenje. Mantha anali nawo, ndinkawaona. Anachita zimenezi mpaka chimanga chitauma m'munda. Mwana sanatupe, ananenepa kunenepa kwabwino, ndipo mudzi wonse unamupatsa dzina loti Chitsononkho, limene mpaka lero ali sitandade sikisi amakwiya nalo. Koma pamango kamtengo kaja kanabwereranso. Esime atayesa kunyamula khanda la Rute analandira padzanja. Atadandaula kuti nanga tsiku lija, a Nangondo anati tsiku lija linali tsiku lija.

Chinasintha n'chakuti gulu linakula. Amayi a midzi yoyandikana nafe anayamba kubwera, ena kudzangoona anthu amene anapatsirana mwana ngati chitsononkho, n'kupezeka nawonso amanga mpango pachifuwa. Ngakhale mdzukulu wa a Nabiyeni anabwera, ndipo agogo akewo ankanamizira kuti sakudziwa. Chaka cha njala chija a Nangondo anatiletsa okha, anati thupi lopanda chakudya silithamangitsidwa, mphamvu tisungire ana. Mondokwa atayamba kudyedwa, m'mawa wina tinangomva likhweru, ndipo tinatuluka m'nyumba tikuseka ngati atsikana.

Anamwalira mosavutitsa munthu, atadwala chibayo masiku ochepa. Loweruka lomaliza anali pamwala pawo, atafunda bulangete, khanda lili pamiyendo, akukalipira mtsikana wina kuti akuthamanga ndi mapewa. Likhweru linali litayamba kuwavuta chifukwa mano akutsogolo anali atachoka, koma ankayesabe, mpweya wokha n'kumatuluka, ife n'kumanyamuka ngati tamva.

Chiwaikireni, pamango sipanathamangidwenso. Sikuti tinapangana. Kungoti makanda analibe wowasiyira. A Nabiyeni maso anachita khungu, ndipo agogo ena otsalawo amati msana. Njira ya m'dambo yayamba kumera, pachulu ana amangosewerapo. Mwala uja ulipo, wosalala pamwamba pomwe ankakhala, ndipo kamtengo kawo kali pomwe anakatsamiritsa. Pamphanda pa mtengo pakulendewerabe kathumba ka zitsononkho, chifukwa ankasunga zambiri, ati china chimagwera m'madzi. Anthu podutsa amalambalala, ngakhale ana sakhalapo.

Lachiwiri lapitali, patangopita masiku ochepa chionetsereni chiliza, ndinkadutsa pamenepo m'mawa ndi khasu paphewa. Ndinapeza Lusiya, mwana woyamba wa Esime, yemwe uja tinkamusiya pachulu ali ndi mamina, ataima ndi khanda lake la miyezi iwiri. Pansi pa chitenje pankaoneka thalauza lofiira, lakale, losokedwa pabondo. Anati anzake atatu ali kale m'malo awo kudambo. Anayang'ana mwala, anayang'ana ine.

“Amayi,” anatero mwamanyazi, “paja inu ndinu ozizira.”

Abambo ake Yohane anatisiya zaka zitatu zapitazo, koma zimenezi ndinali ndisanaziganizepo. Ndinatula khasu. Ndinatsitsa kathumba kaja, ndinamupatsa Lusiya chitsononkho chimodzi, iye n'kundipatsa mwana. Ndinamufunsa ngati wayamwitsa, anati eya. Ndinamuuza kuti mpango athine.

Pamwala sindinakhalepo. Ndinayala chitenje pansi pambali pake. Lusiya anaima pang'ono, khutu lili tcheru, ngati akudikira kanthu, kenako anakumbukira kuti woimba likhweru palibe, ananyamuka yekha. Ndinamuyang'ana mpaka atalowa m'udzu wa m'dambo, kwinaku ndikuingira khanda ntchentche ndi tsamba, dzanja linalo nditatsamira pamwala. Unali wozizira, mame asanaume.